Wansembe Amene Anasewera M'dzina la Packie Roche

Inu amene masiku ano mukudya nokha, mbale imodzi patebulo, ndipo mukuganiza kuti dziko lakuiwalani, imvani za Bambo Fintan Garrihy.

Bambo Fintan anafika ku parishi ya Kilbrannock ali ndi sutikesi imodzi ndi phapo limodzi. Phapo linalo linatsala ku chipatala cha odwala chifuwa chachikulu, kumene anagona zaka ziwiri akuyang'ana denga. Mayi awo anamwalira iwo ali pabedi lomwelo, ndipo madokotala anawakaniza kupita kumaliro.

Asanadwale ankagwira ntchito pa sukulu yogonera ya m'tauni, ndipo ndiwo ankaphunzitsa anyamata a pasukulupo masewero athu a hurling. Atatuluka m'chipatala anapeza ntchitoyo ili m'manja mwa wina. Episkopi anawauza kuti mpweya wa kumapiri uwachitira bwino. Aliyense mu dayosizi ankadziwa tanthauzo la mpweya wa kumapiri: n'kumene ankatayako wansembe amene sakumuwerengeranso.

Zinali zaka za m'ma 1950, pamene sitima yapamadzi ya ku England inkatithera anyamata ngati mliri. Ku Kilbrannock nyumba zambiri zinali zokhoma. Bambo mfumu wa parishiyo anali nkhalamba yogontha imene inkadyera kuchipinda, choncho Bambo Fintan ankakhala okha pa tebulo la anthu khumi, akudya mbatata ndi kabichi, wotchi yapakhoma ikuwawerengera nthongo.

Anthu sanawade ayi. Anawapha ndi ulemu. Akalowa m'sitolo, nkhani inkadukira pakati. Akadutsa pa chipala cha Mossie Quealy, wosula zitsulo, pamene amuna ankabisala mvula n'kumacheza, phwete lonse linkazima, zipewa n'kuvulidwa. Ankaimirira choncho mpaka njinga ya wansembe itapitirira, kenaka kuseka kunkayambiranso kumbuyo kwawo. Kuseka kwa kumbuyoko kunkawawawa Bambo Fintan kuposa bala la opaleshoni.

Kwathu kuno mwana amagwira ndodo ya hurling asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Ndodoyo ndi yophwatalala kumapeto, kampira kake n'kachikopa, kolimba ngati mwala, ndipo timu ndi amuna khumi ndi asanu. Munthu amasewerera parishi yake basi, sagulidwa, sabwerekedwa. Parishi ikataya timu, dzina lake limangomveka pa zilengezo za maliro.

Kilbrannock inali italephera kukwanitsa osewera zaka ziwiri zotsatizana. Akuluakulu a masewero m'chigawo anachenjeza kuti ikangolephera kamodzi kokha m'chaka chachitatu, dzina lake lifufutidwa, ndipo amuna otsala azikavala malaya a parishi yoyandikana ya Doonagh. Munthu wa ku Kilbrannock akanalola kudula mwendo kusiyana n'kuvala malaya a Doonagh, koma panalibe amene ankachitapo kanthu. Ankangodandaula pa chipala.

Bambo Fintan analengeza pa Misa kuti masana akhala ali pabwalo. Anapezapo nkhosa, mitengo ya golo itawola, ndi amuna asanu ataima pamzere, zipewa m'manja ngati akudikira kulapa. Mvula itayamba kuwaza, asanuwo anapepesa mmodzimmodzi n'kupita kukakama ng'ombe. Wansembe anatsala yekha akumenya kampira ku khoma la tchalitchi mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo anakhala pansi pa udzu wonyowa n'kulira.

Mawa lake anakwera njinga. Anayenda munda ndi munda, phiri ndi phiri, akuima pamtunda uliwonse kuti atsokomole. Kwina ankawapatsa tiyi m'kapu ya alendo n'kumayang'ana pansi mpaka atachoka. Kwina ankapeza mwini munda akututa udzu wa ng'ombe, iwo n'kuvula jekete, kutola foloko n'kuyamba kuthandiza osapempha chilolezo. Munthu amene wansembe wakututira udzu sangakane kubwera pabwalo. Dzinja lozizira litatha, osewera anakwana khumi ndi asanu, wina wadazi, wina wa diso limodzi, koma anakwana.

Vuto linabuka pa kuphunzitsa. Hurling saphunzira ndi pakamwa. Pamafunika kugundana mapewa, ndodo kuwombana ndi ndodo, munthu kulanda mnzake mpira mokakamiza. Bambo Fintan ankavula mkanjo n'kulowa m'bwalo kuti awaonetse, koma akangotenga mpira, amuna onse ankapatuka ngati kukudutsa mdipiti wa Ukaristia. Tonse tinakula tikudziwa kuti dzanja lomenya wansembe limauma. Ndipo poti ankachita manyazi kugundana pamaso pa wansembe, ngakhale okhaokha ankasewera mopepesana.

Tsiku lina Bambo Fintan anaima pakati pa bwalo, kampira kali pandodo.

"Mossie, thupi lonseli ndi la mbatata zokha? Bwera undilande."

"Ayi Bambo, dzanjali ndimadyera ine," anayankha Mossie, chimunthu cha mapewa ngati chitseko. "Likauma, ana anga muwadyetsa ndinu?"

"Likauma ndilithira madzi odalitsa. Bwera."

"Muli ndi phapo limodzi, Bambo. Ndikalitulutsa ndikanena chiyani kwa Ambuye Episkopi?"

"Basi, zisiye. A ku Doonagh amanena kuti amuna a kuno amagwira ndodo ngati akutakasa phala. Ine ndinkawatsutsa, koma ndikuona kuti ndinkawachimwira anthu onena zoona."

Mawu amenewo Mossie sanathe kuwameza. Anachita chizindikiro cha mtanda, anaweramitsa mutu, n'kubwera ngati ng'ombe yamphongo. Bambo Fintan anapezeka chagada m'chithaphwi. Mossie anaima akuyang'ana dzanja lake, akutambasula zala kuti aone ngati zikuyendabe.

Mpweya utabwerera, wansembe anayamba kuseka. Kanali koyamba munthu kuwakhudza chichokereni m'manja mwa madokotala.

"Walira mvula walira matope, Bambo," anatero Mossie akuwadzutsa. "Ndibwerezenso?"

Kuyambira pamenepo anayamba kusewera zenizeni. Pa chipala anawapatsa Bambo Fintan bokosi lokhalira, ndipo nkhani sinkadukanso akafika, kupatula zina zimene ankazisungira ku chipinda cholapira. Komabe dzuwa likapendeka aliyense ankapita kwa mkazi ndi ana ake, iwo n'kubwerera ku tebulo lija.

Kutatsala sabata kuti akumane ndi Doonagh, mmodzi mwa osewera anakwera sitima ya ku England osatsanzika. Anatsala khumi ndi anayi. Anasakasaka mwa nkhalamba ndi mwa ana, koma sanapeze woti angathe kuima ndi ndodo ola lathunthu.

"Wa khumi ndi chisanu tili naye," anatero Mossie pa chipala. "Wakhala pabokosipo."

"Ukudziwa lamulo. Wansembe saloledwa kusewera."

"Wansembe saloledwa, inde. Koma Packie Roche amaloledwa. Dzina lake lidakali m'timu, mwini wake ali ku London chaka chachitatu, salemba kalata ngakhale kwa mayi ake. Mutsitsa chipewa mpaka pamphuno, muima pafupi ndi golo, basi. Ansembe angati achita zimenezi? Ambuye Episkopi amatseka diso limodzi, bola dzina likhale la wina."

Mossie sankanama, unali mwambo wodziwika. Bambo Fintan anaganiza za episkopi, anaganiza za phapo, anaganiza za dzina la Kilbrannock likufufutidwa, ndipo anavomera. Pa amuna onse amene anali pa chipalapo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za mayi ake a Packie.

Masewero anachitikira pa bwalo la parishi ina. Wotchinga kumbuyo wa Doonagh, amene sankawadziwa Bambo Fintan, anawaponda zala, anawabaya ndi chigongono, anawatukwanira makolo mpaka mbadwo wachitatu. Wansembe anazilandira zonse ngati mphatso. Masewero ali pafupi kutha, kampira kanagwa pamapazi pawo, ndipo manja anakumbukira zimene ankadziwa kale. Kanalowa m'golo. Anthu a ku Kilbrannock anakuwa dzina la Packie Roche, akuseka m'zipewa, ndipo anapambana.

Mayi Nonie Roche, mayi ake a Packie, ankakhala okha kuseri kwa phiri, kumene msewu umathera. Miyendo inkawavuta, choncho ku Misa ankatsika pa zikondwerero zokha. Lachiwiri kunabwera bambo wogula mazira, munthu wa parishi ina amene anaonera masewero aja ali kutali.

"Mayi, mwana wanu ndi katswiri," anawauza. "Chigoli chija cha Lamulungu sindidzachiiwala."

Mayi Nonie sanafunse zambiri. Anasesa chipinda cha Packie, anayanika zofunda, anaphika buledi, anapha nkhuku imene inkaikira. Anadikira pakhomo Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Lachisanu anavala shawelo yakuda, anatenga ndodo yoyendera n'kutsika phiri.

Bambo Fintan anawapeza pakhomo la nyumba ya ansembe, atakana kulowa.

"Bambo, inu mumaphunzitsa anyamata aja. Mundiuze chimene ndinamulakwira mwana wanga. Wawoloka nyanja kudzamenya kampira, koma phiri lokhali lamukanika. Ngati ndi mawu amene ndinalankhula tsiku lochoka, mumuuze kuti ndinawabweza kalekale."

Wansembe analakalaka nthaka itang'ambika. Anawauza zonse, osasiyako kanthu.



"Ndiye ndinu munavala dzina la mwana wanga."

"Ndine, Mayi. Ndikhululukireni."

"Kukhululuka ndi ntchito yanu, Bambo, ine sindinaiphunzire. Mwalivala, mwalivula, mwapambana. Nanga nkhuku ija ndidya ndi yani?"

Anatembenuka n'kuyamba kukwera phiri. Bambo Fintan anafuna kuwaperekeza koma anakanidwa ndi dzanja lokha. Pa anthu onse a m'parishi, iwo ndi amene ankadziwa bwino kudya wekha, ndipo ndi iwo amene anakonzera mayi wamasiye tebulo loterolo.

Masewero achiwiri anali patsogolo, ndipo lamulo linali lomwe lija: osewera akapanda kukwana, dzina la Kilbrannock lifufutidwa. Bambo Fintan anamuuza Mossie kuti dzina la Packie sadzalivalanso, ndipo akupita kwa episkopi.

"Mwapenga, Bambo? Munthu watseka diso, inu mukufuna kukamutong'ola? Tibwereke dzina lina, la munthu wopanda mayi."

"Dzina lililonse lili ndi wolilirira, Mossie. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Ndiye tatha. Khumi ndi anayi. Mwatidzutsa kuti mutiike m'manda bwino."

Episkopi anawamvetsera akusewera ndi mphete yake.

"Bambo Garrihy, ndikanakonda mukanapanda kundiuza," anatero. "Tsopano ndamva, ndipo sindingakhale ngati sindinamve. Phazi lanu lisapondenso m'bwalo la Kilbrannock. Chilimwe chikatha ndikusamutsani."

"Ndamva, Ambuye. Ndipemphe chinthu chimodzi. Mundipatse sabata, ndipite ku London."

"Kukatani?"

"Kukabweza chimene ndinabwereka."

London sanali malo a munthu wa phapo limodzi. Bambo Fintan anaima pakhomo la matchalitchi amene anthu akwathu ankapempherako, akufunsa aliyense wotuluka. Anayenda m'malo omanga nyumba, m'nyumba zogona alendo zonunkha masokosi, m'mabala amene amuna a kwathu ankamwera malipiro awo atayang'ana khoma. Anaona kuti kusungulumwa kumene ankakuyesa kwawo okha kunali kodzaza mzinda wonse. Tsiku lachinayi kapitawo wina anawalozera ngalande ya mapaipi. M'munsimo munali mnyamata wamtali, wowonda, akukumba.

"Packie Roche?"

"Wamwalira ndani, Bambo?" anafunsa mnyamatayo ataona kolala yoyera, fosholo ili m'malere.

"Palibe. Ndabwera kudzakuyamikira. Unagoletsa chigoli pa Doonagh."

"Ine?"

"Iwe. Koma kunena zoona unasewera moipa. Ukathamanga pang'ono unkatsokomola ngati nkhosa yokalamba. Anthu akuti Packie Roche watha. Ndati ndikuuze, mwina ungafune kukakonza mbiri yako."

Anakhala pa mulu wa njerwa, wansembe n'kufotokoza zonse: za timu, za dzina, za masewero akubwera, za chipinda chosesedwa ndi nkhuku. Packie ankangokanda matope a pa nsapato yake.

"Bambo, anzanga amabwerera kwathu atavala suti, sutikesi itadzaza mphatso. Ine zaka zitatu, onani. Zonse zinathera m'botolo. Ndikalowa bwanji m'tchalitchi chimanjamanja? A pa chipala andiseka mpaka Khirisimasi."

"Akuseka ndithu, Mossie ndiye woyamba. Ineyo anandigwetsa m'matope, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinakhala munthu ku Kilbrannock." Anatsokomola, kenaka anapitiriza motsitsa mawu. "Mayi anga anaikidwa ine ndili pabedi. Ndikanapita ngakhale nditavala thumba la mbatata, koma chitseko chinali chokhoma. Chako n'chotsegula, Packie. Sichikhala choncho mpaka kale."

Kapitawo anaimba likhweru. Packie anatola fosholo n'kutsikira m'ngalande.

Bambo Fintan anabwerera okha. Pa sitima anakhala panja, akuyang'ana madzi, akuwerengetsa zimene anataya: bwalo, parishi, timu, ndipo mwina ndi ubwenzi wa Mossie. Anafika ku Kilbrannock, anachita Misa, anadya mbatata zawo. Pa chipala anthu anayambanso kuvula zipewa.

Tsiku la masewero achiwiri linafika, ndipo anali a pakhomo, pa bwalo la Kilbrannock. Poti analetsedwa kupondamo, Bambo Fintan anaima kunja, kuseri kwa mpanda wa miyala, pamodzi ndi ng'ombe za mwini munda woyandikana. Mvula inkawaza. Ankaona alendo akumenyerana kampira, ndi amuna awo khumi ndi anayi ataunjikana pakati ngati anamfedwa. Woimbira masewero anayang'ana wotchi, anapita kwa Mossie, anayang'ananso wotchi.

Mossie anabwera ku mpanda. Sanavule chipewa.

"Bambo, jekete ndi kolala zingathe kutsala pa mwala apa. Palibe angaone."

"Ndingaone ndine."

"Ndiye dalitsani maliro."

Maso a Bambo Fintan anali ku msewu wa kuphiri, kumene ngolo ya bulu inkatsika pang'onopang'ono. Pampando panali shawelo yakuda. Pambali pa bulu pankayenda munthu wamtali, wowonda, atavala nsapato zokumbira ngalande, ndodo yakale ya hurling ili paphewa. Anali atafika dzulo lake pa lole ya mkaka, ndipo anayamba wakwera phiri.

Mossie anathamangira kwa woimbira n'kumugwira dzanja la wotchi. Packie anadutsa pa chipata, anthu akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Suti ya ku London ndi imeneyo?" anakuwa Mossie. "Fulumira iwe, bulu wakuposa liwiro."

Woimbira anawerenga mitu, anafika pa khumi ndi isanu, n'kuponya kampira.

Kilbrannock inagonja tsiku limenelo, ndipo inagonja kwambiri. Packie anali atataya mpweya m'mabala a London, moti anatsokomola kuposa wansembe. Koma dzina la parishi silinafufutidwe. Bambo Fintan anakuwa malangizo kuseri kwa mpanda mpaka mawu anawathera, misozi ikusakanikirana ndi mvula, ndipo ng'ombe zokha ndi zimene zinawaona.

Chilimwe chitatha anasamutsidwa, monga ananenera episkopi. Anakayambiranso kwina, pa bwalo lina la nkhosa. Pa moyo wawo anaphunzitsa matimu a maparishi anayi, awiri anatenga chikho cha chigawo, ndipo atakalamba anaitanidwanso ku sukulu ija ya m'tauni imene inawataya. Koma akafunsidwa za masewero amene amawanyadira, ankatchula amene anagonja aja, amene anawaonera kunja kwa mpanda.

Inu amene mwaponyedwa kumapiri, amene anthu akukupatsani moni koma osakupatsani mpando, mawa kwerani njinga. Mukalakwira munthu panjira, pitani mukakonze, ngakhale kukonzako kukulandeni chimene munachivutikira. Bambo Fintan anachita zonsezi ndi phapo limodzi. Inu muli ndi mpweya, musautaye mtima wanu.